Fayilo Yoonongeka Nayonso ndi Mboni

Ana amene ndimaphunzitsa ali ndi mankhwala amodzi a matenda onse a foni: Clear cache. Facebook ikacedwa kutseguka, Clear cache. Malo akatha, Clear cache. Nthawi zambiri zimathandizadi, cifukwa cache ndi kankhokwe cabe kamene pulogalamu imasungamo zinthu mongoyembekezera, kuti isamazitenge pa intaneti nthawi iliyonse. Koma cizolowezi cimeneci catiphunzitsa kuti ciliconse coonongeka ciyenera kufufutidwa msanga. Apa ndiye ndimakana.

Mu 2024 mvula inatikana. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba, malaiti anafika pothima maola ambiri kuposa amene anali kuyaka. Ife a ku Kafue tinali kuseka mopweteka mtima: magetsi apangidwa pafupi pompa ku Kafue Gorge, koma ku Shikoswe tikuconga mabuku ndi kandulo.

Mu temu yacitatu, mnzanga wa masamu anali kulowetsa mamakisi a Grade 9 mu Excel pa kompyuta ya m'cipinda ca aphunzitsi, imene ilibe batire. Malaiti anathima kompyuta ili mkati molemba fayilo pa fulashi. Atabweranso, fayilo inakana kutseguka. Munali mamakisi a makalasi atatu. Mapepala anali atabwezedwa kale kwa ana, ndipo ena anali atayatsira kale mbaula.

"Ba Madam, yafa iyi. Tiifufute cabe," anatero mnzangayo atagwira kumutu.

Ndinawapempha kuti asaikhudze. Tinakopera foda yonse ku fulashi ina, pamodzi ndi tumafayilo ta maina osamveka timene tinalimo. Foda yatsopanoyo tinaipatsa dzina la tsikulo ndi liu lakuti yoonongeka, kuti wina asaiyese yabwino. Uthenga umene kompyuta inaonetsa tinaujambula ndi foni, ndipo m'kope tinalemba nthawi imene malaiti anathima ndi zimene mnzanga anali kucita. Fulashi yoyamba tinaiika m'envelopu, cifukwa ciliconse catsopano colembedwapo cikanatha kufafaniza zotsala. Windows ikakufunsani ngati mufuna kufomata fulashi yotere, yankho ndi iyai.

Sitinaitumize pa gulu la WhatsApp kuti aliyense ayese mwai wake. Munali maina a ana a eni, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinthu zotere, Data Protection Act la 2021. Tinayembekezera mnyamata wina amene tinamuphunzitsa kale, yemwe tsopano amakonza makompyuta ku Lusaka.

Anabwera Loweruka. Anayamba wapanganso kope lina, ndipo anagwira nchito pa limenelo. Open and Repair ya mu Excel inalephera. Kenako anatifotokozera kuti fayilo ya .xlsx ili ngati cikwama ca matumba angapo: kwenikweni ndi zip imene mkati mwake muli tumafayilo tosiyanasiyana. Manambala amakhala m'thumba lao, mau amakhala m'thumba lina. Atatsegula, anapeza kuti thumba la maina ndilo linang'ambika, koma mamakisi onse analipo, mzere ndi mzere. Popeza mnzanga anali kulowetsa motsatira rejista, tinakhala pansi ndi kubwezera mwana aliyense mamakisi ake.

Zimene tinalemba m'kope zija zinamuthandiza kudziwa gwero la vuto popanda kungoganizira. Kucokera pamenepo timasunga pa kompyuta coyamba, kenako n'kukopera ku fulashi, ndipo fayilo ya dzulo sitiifufuta mpaka ya lero itatseguka bwino.

Ine ndi wa coko ndi bolodi, koma nzeru imeneyi ndimaidziwa kucokera m'kalasi. Mwana akalakwitsa funso n'kufufuta zonse ndi labala, amandibweretsera tsamba loyera limene silindiuza kanthu. Sindidziwa ngati anasocera poyamba penipeni kapena pomalizira. Ndiye cifukwa cake ndimauza ana anga kuti akalakwitsa azingodula mzere umodzi, zolakwikazo zizionekabe. Pamenepo m'pamene ndimaona poyambira kuwathandiza.

Conco foni ikadzaza ndi zithunzi za pa Facebook, dinani Clear cache mosaopa. Koma ngati caonongeka ndi CV yanu, asainimenti ya ku koleji kapena buku la ndalama za cilimba, ikani kaye pambali, lembani tsiku, ndipo funani munthu wodziwa amene mumamukhulupirira.