Madzi Saiwala Khwawa

Ndinafika mu Lilongwe ndili mnyamata m'chaka cha 1988, patatha zaka 13 chisamukireni likulu la dziko kuchoka ku Zomba. Ndinafikira kwa malume anga ku Mtandire. Loweruka lina iwo ananditenga kukaona nkhalango ya Nature Sanctuary, yomwe ili pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa msewu wa Kenyatta. Ndinadabwa kupeza tchire lotere mkati mwa mzinda. Apusi ankalumpha m'mikuyu, ndipo pansi pake mtsinje wa Lingadzi unkayenda mwakachetechete, nantchengwa ataima pamwala kudikira achule.

"Mphwanga," anatero malume, "madzi ukuwaonawa ndi omwe aja timachapira kwathu ku Mtandire." Ine ndinangovomera ndi mutu, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Nditakula ndinapeza banja, ndipo ndinagula kamalo kufupi ndi mtsinje womwewo. Dothi la njerwa ndinakumba pagombe penipeni chifukwa madzi anali pafupi. Nkhuni zootchera uvuni ndinadula pomwepo. Bango ndinalisadza kuti dimba langa la mpiru ndi tomato lifike mpaka m'madzi. Zinyalala za pakhomo tinkakataya kumtsinje madzulo, poti galimoto yotola zinyalala sinkafika m'dera lathu. Sindinkachita izi ndekha, ndipo palibe ankaona cholakwa.

M'mwezi wa February chaka cha 2017 Lingadzi anasefukira. Anthu ambiri ku Mtandire nyumba zawo zinagwa. Kwathu madzi anadzera padzenje lomwe lija ndinakumba njerwa, n'kugwetsa khoma la kuchipinda kwa ana. Ufa, mabulangete ndi makope a sukulu zinapita. Mwamwayi tonse tinapulumuka. Anzanga ankati vuto ndi mvula, ena ankati nyengo yasintha. Zonsezo n'zoona, komabe ine ndikayang'ana pomwe madzi analowera, mtima unkanditsutsa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa limeneli ndinawakumbira ndine.

Patapita miyezi, mwana wanga wamkazi, yemwe panthawiyo anali ku sekondale, anandiuza kuti iye ndi anzake akukatola zinyalala m'mbali mwa mtsinje kunkhalango kuja. "Bambo, tiyeni mukatithandize kunyamula matumba," anatero. Ndinapita monyinyirika.

Zomwe ndinaona zinandichititsa manyazi. Majumbo anali lendelende m'nthambi, kusonyeza pomwe madzi analekeza. Mabotolo, matewera ndi zidutswa za matumba a simenti zinali zitatsakamira m'mizu. Malo amene kale panali dziwe panali patadzaza matope ofiira. Tinagwira ntchito tsiku lonse mpaka msana kuwawa, ndipo pochoka gombe linkaoneka bwino. Mvula itayambanso kumapeto kwa chaka ndinapitako ndekha. Zinyalala zinali zitabwerera ngati sitinagwirepo chilichonse.

Apa m'pamene mawu a malume anandibwerera. Mpanda wa nkhalango ungathe kuletsa wodula mitengo ndi wotchera misampha, koma sungasefe madzi. Chimene chatayidwa kumtunda chimafika kumunsi. Matope ofiira aja anali dothi la madimba athu. Gombe likakhala lopanda mizu limagumuka, dothilo limakwirira njira ya madzi, ndipo mvula yamphamvu ikagwa madzi amasowa podutsa n'kulowa m'nyumba za anthu. Bango limachepetsa liwiro la madzi ndi kugwira matope. Ine ndinalisadza ndi chikwanje changa.

Choncho ndinayambira pakhomo. Ndinakwirira dzenje lija. Dimba ndinalibweza m'mbuyo, ndipo pomwe ndinasiyapo ndinadzala mizere ya udzu wa vetiva, bango, nsungwi ndi mitengo ya katope, yomwe imakonda malo a chinyontho. Sizinali zophweka. Mizere ya tomato yomwe ndinataya ndi imene inkagula sopo ndi mchere, ndipo mayi a kunyumba anandifunsa ngati vetiva amadyedwa. Mbande zoyamba zinadyedwa ndi mbuzi. Mnansi wanga ankandiseka kuti ndikulimira boma.

Sindingawaweruze. Mayi amene amavuula mchenga mumtsinje kuti ana ake adye sangasiye chifukwa chakuti ine ndamuuza za mizu ya mitengo. Ngakhale lamulo palokha silikwanira. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, ndipo khothi lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma majumbo sanasiye kukodwa m'bango langa. Ndimawatola m'mawa uliwonse mvula ikagwa. Mabanja ena oyandikana nane nawonso anayamba kudzala ataona kuti gombe langa lasiya kugumuka.

Lingadzi sanachire. Madzi ake akadali akuda, ndipo dzinja likafika timagonabe khutu lili kumtsinje. Koma chaka chatha ndinatenga mdzukulu wanga kupita naye kunkhalango kuja. Tinaima pansi pa mkuyu, iye akuloza apusi. Kenaka anaona jumbo ikuyandama, n'kundifunsa komwe yachokera.

"Yachokera kwathu," ndinamuyankha. "Madzi awa ndi omwe aja amadutsa kuseri kwa nyumba."

Anayang'ana madziwo kwa kanthawi, kenaka anatola kamtengo n'kuyamba kuivuula.