Kuchokera pa Tsoka kukafika ku Area 12, mvula itatseka

Mvula ikangotseka mu Epulo, mzinda wa Lilongwe umasintha fungo. Matope a mu Malangalanga amauma n'kusanduka fumbi, mbatata ndi nzimbe zimadzadza m'mbali mwa misewu, ndipo malole a mabelo a fodya amayamba kutsatizana kupita ku okushoni ku Kanengo. Ndi nyengo ya masika imeneyi, pamene kandalama kamaoneka m'matumba a anthu. Ndi nyengonso imene aliyense wokhala ndi ntchito ya dothi, simenti kapena phula amaithamangira kuti aimalize kusananyowenso. Loweruka lina la mwezi wa Meyi ndinaganiza zoyenda mzinda wathuwu kuyambira kumtsinje kukafika kumayadi, kuti ndione ntchito zimenezi kumene zikugwiridwa komanso amene akupindula nazo.

Ndinatsika minibasi ku depoti kamphepo ka chisanu kakuluma m'makutu, n'kutsetsereka wapansi kulowera ku Msika wa Tsoka. Munthu sufunika kufunsa njira. Umangotsatira amayi osenza zikwama zikuluzikulu zopanda kanthu, amene akukapikula kaunjika kuti akagulitse ku Area 25, ku Chinsapo, kwa Kawale, ena mpaka ku Mitundu ndi ku Nsundwe.

Ndinafika pa nthawi yake, mnyamata wina akutsegula belo. Anthu anali atamuzungulira kale, aliyense atapinda mikono ya malaya. Atangodula zingwe ndi mpeni, belo lija linafufuma lokha, fungo la mankhwala osungira zovala n'kutuluka, manja n'kulowamo nthawi imodzi. Panalibe wolankhula. Mayi wina anatulutsa jekete lakuda, analitembenuza, anayang'ana m'khwapa ndi pa zipi, kenako analikolekera paphewa n'kupitiriza kufufuza. Zabwino zimatha m'mphindi zoyambirira, ndipo mwini belo amadziwa kuti ndalama yake yonse ili pa zimenezo; zotsalazo adzaziunjika pansi masana, mtengo n'kumatsika dzuwa likamapendeka. Mwezi uno msika wonse wavala chisanu: majuzi, majekete, mabulangete, masokosi ndi zipewa zaubweya zili patsogolo pa benchi iliyonse, chifukwa Juni ndi Julayi ali pakhomo.

"Bwanji osatengako ka juzi, bambo? Chisanu chake cha chaka chino sichioneka bwino," anatero mayi wina wogulitsa zovala za ana. Ndinagula kamodzi ka mdzukulu wanga, ndipo pocheza anandiuza kuti masiku ano belo amachita kusonkherana anthu angapo kuti aligule. Nkhani imeneyi ndi imene inatulutsa mavenda a kaunjika mu February 2025, pamene anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Zovalazi zimabwera kuchokera kunja, zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kenako dola n'kumasowa m'mabanki, ululu wake unadzafika pa benchi ya mayi ameneyu. Ambiri mwa akuluakulu a mumsikawu amakumbukirabe 2006, chaka cha Dongosolo, pamene boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu n'kuwauza kuti malonda azichitira m'misika. Anamvera, anabwera kumtsinje kuno, ndipo akhala akulipira chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku.

Chimene ndinadzera kwenikweni chili kumapeto kwa mabenchi, pamene nthaka imatsetserekera m'madzi. Pakati pa Tsoka ndi msika wa Lizulu pamadutsa mtsinje wa Lilongwe, ndipo pamwamba pake pali milatho ya matabwa imene anthu wamba anamanga okha. Mizati yake ndi mitengo yozika m'madzi ndi m'mphepete, pamwamba anayala matabwa ndi zigamba za matabwa, ena atsopano oyera, ena akuda otha pakati chifukwa cha mapazi. Pakhomo pa mlatho uliwonse pamakhala munthu wolandira ndalama. Ukalipira umawoloka, ndipo ukafika pakati umamva mlatho wonse ukugwedera pansi pako pamene mnyamata wosenza thumba la kabichi akukudutsa mothamanga.

Tsiku limenelo pa mlatho wina panali ntchito. Anyamata awiri anali m'madzi ofika m'chiuno akuimika mzati watsopano, wachitatu ali pamwamba ndi hamala, misomali ataluma pakamwa. Bambo wolandira ndalama anandifotokozera kuti madzi a dzinja amazula mizati, nthawi zina kutenga mlatho wonse, choncho mtsinje ukangophwa amayambiranso kukonza. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Anthu amenewa alibe injiniya, alibe chikwangwani cholemba dzina la kontilakitala ndi tsiku lomaliza ntchito, koma akugwira ntchito ya mzinda, ndipo tsiku lililonse khamu la anthu limawolokera pa thukuta lawo. Ndimawalemekeza kwambiri. Komabe mtima sunandikhale pansi nditaona mayi wobereka mwana kumbuyo, dengu la tomato lili pamutu, akuponda thabwa limene linali litasweka kale mbali imodzi.

Ukayang'ana pansi kudzera m'mipata ya matabwa, umaona chimene mtsinjewu wasanduka. Majumbo akuda ndi abuluu akoledwa m'mabango, mabotolo, nsanza, masamba ovunda a kabichi. Mtsinje womwewu umachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, umasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo Lilongwe Water Board imatunga madzi ake kumtunda, usanafike mumsika, kuti mzinda wonse umwe. Ukangodutsa pamenepo timauyesa dzala. Mu Novembala 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku loyeretsa dziko, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo ndaonapo mavenda, ana asukulu ndi magulu a mipingo atatuluka ndi matsache ndi mawilibala. Ndi chinthu chabwino, koma kusesa kumafuna kuti mulu wosesedwawo ubwere wina adzautenge. Ukakhala pomwepo sabata yathunthu, mphepo ndi agalu amaubwezera kumene unachokera. Tisaiwale msanga kolera amene anayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Matenda amenewo amabadwira m'ngalande zotsekeka ndi m'zimbudzi zosakwanira, ndipo nthawi yozikonza ndi ino, kunja kuli gwaa.

Tsidya linalo, ku Lizulu, maso amapumako. Dzina la msikawu linachokera ku Lizulu wa ku Ntcheu, kumalire ndi Mozambique, kumene kumachokera ndiwo zamasamba zambiri. Milu ya kachewere, karoti, anyezi, nsawawa ndi zitheba inali itayalidwa mwaluso, amayi akuwaza madzi pa mpiru kuti usafote. Ndinagula mulu wa manachesi, anandiikira basela awiri, ndinakwera mtunda kupita kumsewu.

Kumtundako ndi dziko lina. Mlatho waukulu wa pa M1, umene kwa zaka zambiri unkapanikiza magalimoto onse olowa ndi kutuluka mu Old Town, unalowa mu ntchito yokuza msewuwo ndi thandizo la dziko la Japan. Msewu wa Kenyatta, wolumikiza Old Town ndi City Centre, anayamba kuukuza mu 2021 kuti ukhale wa mizere 6, pamodzi ndi msewu wa Mzimba wochokera ku Crossroads. Amene tinkakhala pa mzere wa magalimoto dzuwa likuswa mtengo, wodwala ali m'galimoto akufuna kufika ku Kamuzu Central Hospital, sitinganene kuti ntchitoyi inali yosafunika. Inali yofunika ndithu. Koma ndili mu minibasi yopita ku City Centre ndinasowa mthunzi wa mitengo ikuluikulu imene inali m'mbali mwa msewu wa Kenyatta, imene kudulidwa kwake kunadandaulitsa anthu ambiri chaka chomwecho cha 2021. Ndinaonanso agogo ena ataima m'mphepete ndi ndodo yawo, akuyang'ana uku ndi uku, akudikira mpata woti adumphe msewu wotakata chotero.

Mzindawu anaukonza motalikirana chonchi kuyambira pachiyambi. Boma la Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo ndi ngongole yochokera ku South Africa anamanga Capital Hill ndi City Centre kutali ndi tauni yakale, pakati n'kusiya nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi. Likulu linasamuka mu 1975. Pulaniyo inkaganizira munthu wa galimoto. Pofika kalembera wa 2018 mumzindamu munali anthu pafupifupi 990,000, ndipo ochuluka mwa iwo amayenda wapansi, pa kabaza kapena pa minibasi.

Ku City Centre Loweruka kumakhala zii. Ndinadutsa Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, komanso chiliza cha Kamuzu, pamene gulu la amayi a mvano ovala mayunifolomu linkajambulitsa, kenako ndinakwera njinga yamoto kulowera ku Area 12. Kumayadi nako masika afika. Kuseri kwa mipanda ya njerwa kumatuluka utsi wa masamba ouma, anyamata akutchetcha udzu wa m'mbali mwa msewu ndi zikwakwa, ndipo m'mapoloti osamangidwa mapesi a chimanga aimikidwa m'mikukwe. Pa msewu wina wamkati ndinapeza achinyamata awiri akukwirira maenje a phula ndi zidutswa za njerwa ndi dothi, galimoto ikamadutsa n'kumatambasula dzanja. Nakonso kuno anthu amadzikonzera okha pamene ntchito sinafike.

Chakumadzulo ndinatsagana ndi bambo wina wogwira ntchito ya m'dimba pa nyumba ina kumeneko, akuweruka kupita kwawo ku Kauma. Nsapato zake, jekete lake, ngakhale chikwama chimene ananyamuliramo chakudya, zonse anati ndi za pa Tsoka. Masamba amene amaphikidwa m'khitchini mwa abwana ake amachokera ku Lizulu. Mzinda wa kumtunda umavala ndi kudya za kumtsinje, ndipo n'chifukwa chake ndikuti pa ndandanda wa ntchito za chilimwe chino payenera kuoneka mlatho wa simenti wa anthu oyenda pansi pakati pa misika iwiriyi, wokhala ndi zogwirira m'mbali ndi magetsi a usiku. Payenera kuonekanso zimbudzi zokwanira, malo otayira zinyalala amene galimoto imabwera kudzachotsa pa tsiku lodziwika, ndi ngalande zofukulidwa Novembala asanafike. Eni milatho ya matabwa asatayidwe pa ntchito imeneyo. Akhala akuwolotsa anthu zaka zonsezi, amadziwa pamene madzi amafika mu February ndi pamene nthaka imagumuka, ndipo oyeza malo akadzabwera ayambe akhala nawo pansi n'kuwafunsa.