Giya Ikamachedwa Kugwira M'mawa

Mwezi wa Juni ukangofika ndimadziwiratu odwala anga. Chaka chatha kunabwera bambo wina wa pikiapu ya otomatiki, amene amanyamula mbatata ya kachewere kuchokera ku Dedza. Dandaulo lawo linali lakuti m'mawa akaika pa D galimoto imangolira osasuntha, kenako n'kugwira mwadzidzidzi ngati yagundidwa kumbuyo. Dzuwa likakwera, zonse bwinobwino.

Ndinawapempha kuti galimotoyo igone pagalaja. Matenda awa saoneka masana, ndipo makaniko amene angakuuzeni mtengo wa giyabokosi ina asanailize m'mawa ndi dzanja lake, muthaweni.

Giyabokosi ya otomatiki imagwira ntchito ndi mphamvu ya oyilo. Pampu imamukoka mu sampu kudzera mu fyuluta, n'kumukankhira m'tinjira ting'onoting'ono ta valve body mpaka akafike pa pisitoni yomwe imapanikiza ma clutch. Kukazizira oyilo amakhuthala, ndiye ngati fyuluta yadzaza litsiro, pampu imavutika kukoka. Ma seal a labala nawo akakalamba amauma ndi kufota, oyilo n'kumapulumukira m'mbali mpaka kutentha kuwafewetse. Palinso oyilo wa mu torque converter, amene galimoto ikagona amatha kutsikira mu sampu, ndipo pampu iyenera kuyamba yadzazanso.

M'mawa mwake ndinaponda buleki, ndinaika pa D, n'kuyamba kuwerenga. Ndinafika pa sikisi. Buku la Toyota la giyabokosi ya A340 limati oyilo atatentha, kuchoka pa N kupita pa D kusafike sekondi 1.2, pa R kusafike 1.5. Kuzizira kumawonjezerako pang'ono, koma osati chonchi.

Ndimayamba ndi zotchipa. Oyilo timamuyeza injini ikulira, atatentha, galimoto ili pamalo osapendekeka. Wa bambowa anali pansi pa mzere, wabulauni m'malo mofiira, koma osanunkha kupserera, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Oyiloyo ankadontha pa paipi yopita ku radiator. Nditamasula sampu ndinapeza maginito ali ndi phala lakuda lofewa, lomwe silindiopsa. Tizidutswa tachitsulo tonyezimira ndito timandiuza kuti m'kati mwadyeka. Ndinasintha paipi, fyuluta ndi gasket, n'kuthira oyilo woyenera. Tsiku lachitatu giya inagwira ndisanafike pa thuu.

Pa oyilopa ndimalimbana ndi anthu kwambiri. Kufiira sikutanthauza kuti ndi mmodzi. Giyabokosi yofuna oyilo wa WS musaithire wa Dexron III chifukwa choti ndi amene wapezeka pashopu. Magalimoto ambiri atsopano alibenso dipstick ya giyabokosi, oyilo amayezedwa pa pulagi yapansi atafika pa kutentha kolembedwa m'buku.

Chimene chimandipweteka mtima ndi chizolowezi choponda moto giya isanagwire. Injini ikakwera ma clutch ali pakatikati, amagwira mokhulana, ndipo m'mawa uliwonse amapsa pang'onopang'ono. Bambo aja ankachita zimenezi pothamangira kumsika, anangochita mwayi kuti anabwera msanga.

Inu a pikiapu, mukailiza m'mawa ipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri, ikani giya phazi lili pa buleki, dikirani igwire, kenako muziponda moto. Ikamachedwa masiku onse, bwerani nayo oyilo asanayambe kununkha.