Kathumba ka Zodzola pa Ulendo wa Pandege

Munthu akafuna kuyenda ulendo, ntchito yoyamba imakhala kulongedza katundu. Wokwera basi kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu amaponya m'chikwama chilichonse chimene mtima wake wafuna, ndipo palibe amene amamufunsa kukula kwa botolo la mafuta ake. Wokwera sitima ya panyanja angathe kunyamula ngakhale chigubu cha thobwa, anzake n'kumangomupempha kuti awagawireko. Pandege zinthu n'zosiyana. Kumeneko apaulendo ambiri, makamaka ife amayi, timasowa mtendere chifukwa cha tinthu ting'onoting'ono: mafuta odzola, mafuta onunkhira, zopaka m'milomo ndi zokongoletsera nkhope.

Ena angaone ngati nkhani ya zodzoladzola ndi yachibwana, yosayenera kutayirapo nthawi. Ine sindigwirizana nawo. Agogo anga aakazi sankanyamuka ulendo wa kumudzi wina asadadzole mafuta a nsatsi. Ankakazinga nsatsizo, kuzisinja, kuziwiritsa, kenaka n'kuyengula mafuta oyandama pamwamba ndi kuwasunga m'nsupa. Mlendo wofika kwa eni atatuwa mbuu ankachititsa manyazi kumene wachokera. Lero nsupa idasanduka botolo la m'sitolo, koma cholinga chake n'chomwecho: kudzilemekeza ndi kulemekeza amene akukulandira. Tsono ulendo wochokera pabwalo la ndege la Kamuzu kupita ku London, kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, umadya masana ndi usiku wonse. Mpweya wa m'ndege ndi wouma kuposa wa mwezi wa Okutobala, kotero kuti milomo imang'ambika ndipo khungu limathetheka. N'chifukwa chake munthu amafuna kukhala ndi kenakake pafupi koti adzole asadatsike.

Lamulo limene lili pamabwalo ambiri a ndege padziko lapansi ndi ili. Chinthu chilichonse chamadzimadzi cholowa nacho m'ndege m'chikwama cha m'manja chikhale m'botolo losaposa mamililita 100. Muyeso umenewu ndi timasupuni ta tiyi 20, kapena gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo la Fanta la mamililita 300. Timabotolo tonseto tilowe m'kathumba kamodzi ka pulasitiki koonekera mkati, kotsekeka pakamwa, kosaposa lita imodzi, kamene mbali zake ndi masentimita pafupifupi 20. Munthu mmodzi, kathumba kamodzi. Oyang'anira chitetezo amayesa kukula kwa botolo, osati kuchuluka kwa zimene zatsalamo. Botolo la mamililita 200 amalikana ngakhale mafuta atatsala pansi penipeni. Mankhwala a wodwala ndi mkaka wa khanda amaziloleza kupitirira muyesowu, komabe amayamba aziunika kaye.

Lamuloli silidagwe kumwamba ngati mvula. Pa 10 Ogasiti 2006 apolisi a ku Britain adalengeza kuti agwira anthu 24 powaganizira kuti ankakonza chiwembu chophulitsa ndege zochokera pabwalo la Heathrow kupita ku America ndi ku Canada. Achiwembuwo adafuna kuthira mankhwala ophulika m'mabotolo a zakumwa monga Lucozade ndi Oasis, mabotolowo n'kumaoneka ngati sadatsegulidwepo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Gawo lalikulu la mankhwalawo linali hydrogen peroxide, amene amapezekanso m'zosinthira mtundu wa tsitsi. Makina ounikira katundu a nthawi imeneyo ankaona mosavuta mpeni kapena mfuti, koma sankatha kusiyanitsa madzi akumwa ndi madzi akupha. M'masiku oyamba boma la Britain lidaletseratu zikwama za m'manja, ndipo makolo ankawauza kuti alawe mkaka wa ana awo pamaso pa achitetezo. Pa 6 Novembala chaka chomwecho mayiko a ku Ulaya adakhazikitsa muyeso wa mamililita 100, ndipo mu 2007 mayiko enanso ambiri adatsatira. Mu 2009 bwalo la milandu ku London lidapeza atsogoleri atatu a chiwembucho olakwa n'kuwalamula kukhala m'ndende moyo wawo wonse.

Nzeru ya muyesowu ndi yakuti munthu wa mtima woipa asakhale ndi mankhwala okwanira, komanso asakhale ndi chiwiya chachikulu chosakaniziramo. Apa m'pamene pagona chifukwa chokanira botolo lalikulu ngakhale mutatsala zochepa.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi tanthauzo la mawu oti "chamadzimadzi". Ife tikamva mawuwa timaganiza za madzi, tiyi kapena mkaka. Achitetezo amawerengera chilichonse chimene chingathiridwe, kufinyidwa, kupoperedwa kapena kupakidwa ndi chala. Motero Vaseline, glisalini, mankhwala otsukira mano, mafuta a tsitsi, utoto wa m'zikhadabo, mafuta onunkhira, zodetsera nsidze zamadzi ndi zonyezimiritsa milomo, zonsezi ziyenera kulowa m'kathumba kaja. Koma phoda wouma, lipisitiki yolimba, pensulo ya m'maso ndi sopo wa mtanda siziwerengedwa; zingathe kukhala paliponse m'chikwama. Uchi, jamu ndi chiponde nazo zili m'gulu la zamadzimadzi, ngakhale kuti pakati pathu palibe amene adamwapo chiponde ndi kapu.

Chaka china, ndili pa ulendo wokaona mwana wanga amene amagwira ntchito ya unamwino ku Britain, ndidaima pamzere wounikira katundu pabwalo lina la ndege. Patsogolo panga panali mayi wina wa msinkhu wanga, wovala chitenje ndi duku, ndipo ndidamumva akudandaula m'Chichewa. Mnyamata wachitetezo adatulutsa m'chikwama chawo botolo lalikulu la mafuta onunkhira, lotsala pang'ono kutha, ndi botolo lina la chiponde. Adawafotokozera mwaulemu kuti zonse ziwiri sizingadutse. Sutikesi yawo n'kuti italowa kale, kotero padalibe kwina kozisungira.

Mayiwo adatembenukira kwa ine nati, "Amayi anzanga, kodi chiponde chidasanduka liti madzi? Mtedzawu ndakazinga ndekha, ndasinja ndekha, kuti adzukulu anga akalaweko za kwawo."

Ndidayankha kuti, "Pepani, amayi. Kwa anzathuwa chilichonse chopakika ndi madzi. Mnyamatayu sakukuyesani wakuba ayi, nayenso wangotumidwa."

Mabotolo aja adaponyedwa m'bini. Mayiwo sadalire, koma adayenda chowerama ngati munthu wogwidwa m'munda wa eni. Chimene chidawapweteka kwambiri chinali kupikulidwa chikwama pagulu, osadziwa chimene alakwa. Palibe amene adawauzapo za lamuloli, ndipo palibe amene adawafotokozera kumene lidachokera.

Pamenepa funso limabwera lokha: kodi n'chilungamo kuti gogo wa ku Dowa alandidwe chiponde chifukwa cha zimene anyamata a ku London adakonza mu 2006? Pa zaka zanga za uphunzitsi funso lotereli ndidakumana nalo kangapo. Mwana mmodzi akabwera ndi mpeni kusukulu, tinkayang'ana m'zikwama za kalasi yonse. Ana ofatsa ankanyinyirika, ndipo kunyinyirika kwawo kunali komveka. Komabe tikadasankha ongowaganizira okha, tikadasankha potengera nkhope, zovala kapena mudzi wochokera, ndipo kumeneko kukadakhala kukondera koipitsitsa. Akuluakulu adati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Mwambiwu ndi wowawa, koma pandege uli ndi mbali yake yabwino: mphunzitsi, namwino, wamalonda ndi mlimi, onse amatulutsa kathumba kofanana n'kukaika m'mbale yofanana. Ndidaonanso kusukulu kuja kuti ana amene tawafotokozera chifukwa chake ankatsegula okha zikwama zawo, mutu uli m'mwamba. Lamulo limene munthu akudziwa chiyambi chake silimuchotsera ulemu.

Tsono kulongedza kwanzeru kumayamba ndi kugawa katundu pawiri: zofunika panjira ndi zofunika kumene ukupita. Mabotolo onse aakulu, pamodzi ndi mphatso monga uchi ndi chiponde, ndimawaika m'sutikesi imene imakalowa kunsi kwa ndege, chifukwa muyeso wa mamililita 100 sukhudza katundu ameneyo. Ndimamanga zitsekerero zake zolimba ndi kukulunga botolo lililonse m'pulasitiki, pakuti ndege ikakwera m'mwamba mpweya wotsala m'botolo umafufuma n'kukankhira mafuta kunja. M'kathumba koonekera ndimaikamo zinthu zisanu zokha: kabotolo ka mafuta a khungu, ka Vaseline, kachubu ka mankhwala otsukira mano, kabotolo ka mafuta onunkhira ndi mankhwala odonthezera m'maso. Phoda, lipisitiki ndi chipeso zimakhala pazokha. Kathumbako ndimakaika pamwamba penipeni m'chikwama kuti ndisachedwetse anzanga pamzere. Mafuta onunkhira ogula m'masitolo a mkati mwa bwalo la ndege angathe kuposa muyeso uja, malinga akhale m'thumba lomata la m'sitolomo pamodzi ndi risiti, ndipo thumbalo lisatsegulidwe mpaka ulendo utatha.

Ntchito yosankhayi imavuta kuposa m'mene imamvekera. Munthu ukayala zodzola zako pamphasa, chilichonse chimaoneka chofunika, ndipo kathumbako sikakula ngakhale ukachonderere. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Komabe pa maulendo amene ndayenda sindidasowepo kanthu chifukwa chonyamula zisanu zokha. Agogo aja ankafika kwa eni akuwala ndi nsupa imodzi basi.

Dziwaninso kuti lamuloli lili m'kati mosintha. Mabwalo ena adagula makina atsopano, ofanana ndi amene madokotala amaunikira nawo mkati mwa thupi, amene amatha kuzindikira mtundu wa madzi ali m'botolo. Bwalo la London City lidachotsa muyeso wa mamililita 100 mu 2023, koma mu Juni 2024 boma la Britain lidaubwezeretsa, ndipo mayiko a mu European Union adachitanso chimodzimodzi pa 1 Seputembala 2024. Mu 2025 mabwalo a Birmingham ndi Edinburgh adayamba kulola mabotolo ofika malita awiri. Izi zikutanthauza kuti botolo limene ladutsa bwinobwino pabwalo lonyamukira likhoza kukanidwa pabwalo losinthira ndege, kapena pobwerera. Wapaulendo wanzeru amafufuza lamulo la bwalo lililonse limene adutsepo, ndipo akakayika amatsatira muyeso waung'ono. Safunsa adadya phula.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, ambiri mwa inu mudzakwera ndege popita kumaphunziro kapena kuntchito, ndipo ena mudzaitana makolo anu kuti adzakuoneni kutali. Mudzapeza malamulo a eni amene poyamba adzaoneka opanda mutu. Musathamangire kuwanyoza, ndiponso musawaope ngati zilombo. Funsani kumene adachokera. Ndipo tsiku limene mayi anu kapena agogo anu adzakonzekere ulendo wawo woyamba wa pandege, musadzangowatumizira tikiti yokha. Mudzakhale nawo pansi, kapena mudzawaimbire lamya, muwafotokozere za kathumba ka lita imodzi ndi chifukwa chake, kuti chiponde chilowe m'sutikesi, mafuta alowe m'kabotolo, iwo n'kukafika kwa adzukulu awo nkhope ili yowala.