Konkire imafuna madzi kawiri

Anyamata aganyu amakonda kuchulutsa madzi pokanda konkire, poti ikakhala yamadzimadzi fosholo imapepuka ndipo wilibala imakhuthuka msanga. Ine ndimawaletsa. Madzi opyola muyeso akauma amasiya timabowo mkati, ndiye silabu imaoneka bwino pamwamba pomwe mkati ndi yofooka. Pa silabu ya nyumba ndimaika muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje ndi inayi ya kwale. Mchengawo ndimayamba ndaufinya m'manja. Ukasiya matope pachikhatho ndimaubweza, mwini lole akwiye asakwiye.

Madzi ofunika kwambiri ndi a mawa lake. Eni nyumba ambiri amaganiza kuti konkire imalimba ndi dzuwa ngati zidina, koma simenti amagwirana ndi madzi pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yake timaiwerengera pa masiku 28. N'chifukwa chake kwa sabata yathunthu silabu ndimaifunditsa masaka onyowa, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo, makamaka m'dzuwa la Okutobala. Mayi wina anandidandaulira kuti, "Bambo, madzitu timachita kugula, ndowa iliyonse ndi ndalama." Ndinawamvetsa. Ndinati, "Mayi, matumba onse aja mwagula asapite pachabe chifukwa cha madzi a sabata imodzi." Anathirira, ndipo khonde lawo lilibe mng'alu mpaka lero.

Pa nkhani ya konkire yolimba, ndimasirira amisiri akale a ku Rome amene anamanga nyumba yotchedwa Pantheon. Denga lake lozungulira la konkire, lotambalala mamita 43, lakhala zaka pafupifupi 1,900 popanda chitsulo mkati. Iwo ankasakaniza laimu ndi phulusa la mapiri ophulika. Ife simenti wathu ndi wa Portland, amene Joseph Aspdin wa ku England analembetsa mu 1824, ndipo pa ring'ibimu ndi mizati timaikamo zitsulo. Konkire imapirira kulemera koipsinja, koma ikakokedwa kapena kupindidwa imasweka, ndiye chitsulo chimagwira pamenepo.

Komatu chitsulocho chikagona pafupi ndi kunja, chinyezi chimachipeza. Chimachita dzimbiri, chimatupa, n'kung'amba konkire kuchokera mkati. Mwaonapo mizati yokakatuka m'makona, zitsulo zofiira zili pamtetete? Choncho tisanathire konkire ndimayenda ndekha m'mabokosi onse a matabwa, kuika timabuloko ta simenti pansi ndi m'mbali mwa zitsulo kuti zisakhudze thabwa. Ntchito imeneyi sindisiyira mnyamata aliyense.