Pulogalamu Imayesedwa pa Foni ya Kasitomala

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta ndi a pafoni. Ndimagwirira m'kachipinda ka lendi ku Chirimba, kufupi ndi msewu waukulu wopita ku Kameza. Makasitomala anga ndi eni magolosale ndi maholoselo, sukulu zapulaiveti za ku Machinjiri, komanso amayi a banki m'khonde omwe atopa ndi makope onyowa ndi mvula. Kulemba pulogalamu yatsopano kumakoma, koma nthawi yanga yambiri imathera pofufuza chimene chalepheretsa pulogalamu yomwe dzulo imagwira bwinobwino.

Dandaulo limabwera m'mawu omwewomwewo: "Achimwene, apu yanu ija sikugwira." Ndisanatsegule laputopu ndimayamba ndafunsa. Foni yake ndi yamtundu wanji? Pasikirini panatuluka mawu otani? Munadina chiyani izi zisanachitike? Bandulo inalimo? Ena amaona ngati ndikuzemba mlandu, koma mayankho a mafunso amenewa ndi amene amandilozera pamene pali vuto. Mwa zonse, funso la foni ndilo lalikulu.

Achinyamata ochokera ku MUBAS ndi kumakoleji ena akabwera kudzaphunzira ntchito, amandionetsa apu yawo ikuthamanga pa laputopu kapena pa Samsung yawo yabwino. Ine ndimatsegula dirowa n'kutulutsa ka itel kakale, ka galasi long'aluka, kodzaza ndi mavidiyo a pa WhatsApp. Ndimati, ikani umu tione. Foni zomwe anthu ambiri a ku Chirimba ndi ku Ndirande ali nazo ndi itel, Tecno ndi Infinix, zambiri za RAM ya 1GB kapena 2GB. Apu ikatsegula chithunzi chachikulu cha chiphaso cha membala osachichepetsa, pafoni yotere imangozima yokha. Telala sasoka malaya asanayeze mwini wake, ndipo ifenso sitiyenera kulemba apu tisanagwire foni ya amene adzaigwiritse ntchito.

Mafoni amenewa ali ndi khalidwe lina lomwe limasokoneza ophunzira ambiri. Pofuna kusunga batire, amatseka mapulogalamu omwe akugwira ntchito mobisika munthu akangoika foni m'thumba. Gulu lina la banki m'khonde linadandaula kuti uthenga wokumbutsa tsiku lobweza ngongole sukufika. Mu khodi munalibe cholakwika, foni ndiyo inkapha apu usiku. Mankhwala ake ndi kupereka ntchito zotere kwa WorkManager, chida chomwe Android inakonzera zimenezi, kenako kumuonetsa mwini foni pamene angauze foniyo kuti apu iyi isamatsekedwe. Kuyambira pa Android 13, yomwe inatuluka mu 2022, apu iyeneranso kupempha chilolezo isanayambe kuonetsa mauthenga. Munthu akadina kukana tsiku loyamba, apu imakhala chete mpaka atadzaipatsa chilolezocho, ndipo wolakwa amaoneka ngati ndiwe.

Funso lomwe ndafunsidwa kwambiri ndi la mawu akuti "App not installed". Kuno anthu sakonda kutha bandulo pa Play Store, amapatsirana apu pa Xender kapena pa WhatsApp. Vuto limabuka pamene apu yatsopano yasainidwa ndi kiyi yosiyana ndi ya apu yomwe ili kale m'foni. Android imakana, poopa kuti wina akufuna kulowetsa chinthu chachinyengo m'dzina la apu yeniyeni. Wolemba mapulogalamu akataya fayilo ya kiyi imeneyi, aliyense ayenera kuyamba wachotsa apu yakale, ndipo zonse zomwe anasungamo zimapita nayo. Fayiloyi ine ndimaisunga malo osiyanasiyana, kuphatikizapo kunja kwa chipinda chino.

Ena amafunsa chifukwa chomwe sindiikira apu iliyonse pa Play Store. Google imalipiritsa madola 25 kamodzi, Apple madola 99 chaka chilichonse, komanso apu ya iPhone imafuna kompyuta ya Mac. Ndalama zakunja n'zosowa m'dziko muno, ndipo pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi ya seva yomwe timalipira m'madola inakwera tsiku limodzi. Kasitomala wa golosale sangamvetse kuti mtengo wa pulogalamu yake ukutsatira dola. Ndiye ndimayesetsa kuti pulogalamu idalire seva pang'ono pokha.

Izi zikugwirizana ndi nkhani ya netiweki, yomwe kwa ine ndiyo imasiyanitsa mmisiri ndi wongoyamba kumene. Msungichuma wa gulu la banki m'khonde akulemba kuti mayi wina waponya K5,000. Wadina batani, kachizindikiro kakuzungulira, palibe chikuchitika. Wadinanso kawiri. Netiweki ikabwerera, seva imalandira mauthenga onse atatu n'kulemba K15,000. Pa tsiku logawana ndalama pamakhala mkangano woopsa, ndipo amene amatchedwa wakuba ndi msungichuma wosalakwa uja. Ndicho chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mopepuka. Njira yake ndi yakuti foni ipatse ndalama iliyonse yolembedwa nambala yakeyake isanatumize. Seva ikaona nambala yomweyo kachiwiri imangoyankha kuti ndalandira kale, osalembanso. Komanso zonse ziyambe zasungidwa m'foni momwemo, mu SQLite, n'kudzatumizidwa netiweki ikapezeka. Uthenga wa pasikirini ndimaulemba m'Chichewa chomveka: "Netiweki palibe, koma zomwe mwalemba zasungidwa." Munthu akawerenga zimenezi mtima umakhala pansi ndipo sadinanso.

Pa malipiro a Airtel Money ndi TNM Mpamba lamulo langa ndi limodzi. Pulogalamu isalembe kuti munthu walipira pongodalira zomwe foni yake yanena, kapena chithunzi cha uthenga chomwe watumiza. Zithunzi zotere anthu amazipanga. Chitsimikizo chichokere ku kampani yodutsitsa ndalamazo, chifike ku seva, ngakhale chitachedwa.

Ku mbali ya kompyuta za m'masitolo ndi m'maofesi a sukulu, mdani wamkulu ndi kuzima kwa magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa chaka chathunthu tinkakhala maola ambirimbiri mumdima. Nthawi imeneyo ndinalandira makompyuta ambiri omwe mafayilo ake a Microsoft Access anakana kutseguka, chifukwa magetsi anazima pulogalamu ili mkati molemba. Pena risiti inatuluka koma katundu sanachotsedwe m'sitoko, pena thumba la shuga lachotsedwa koma ndalama yake sikuoneka. Wolemba pulogalamu ayenera kumanga ntchito ziwirizi pamodzi, zomwe timati transaction: zilembedwe zonse, apo ayi pasalembedwe kanthu. Mwini sitolo naye agule ka UPS, kabatire kopatsa kompyuta mphindi zochepa zoti izimitsidwe bwino. Ambiri amakana mtengo wake mpaka tsiku lomwe ataya mbiri ya ngongole za makasitomala awo onse.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe kamapusitsa ngakhale odziwa. Makompyuta ambiri kuno ndi akaunjika, ndipo kabatire kozungulira ka mkati, kosunga tsiku ndi nthawi, kamakhala katatha. Magetsi akazima n'kuyakanso, kompyuta imabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Marisiti amatuluka ndi deti lolakwika, lipoti la mwezi limaoneka lopanda kanthu, ndipo pulogalamu imakana kulumikizana ndi seva chifukwa satifiketi yachitetezo ikuoneka ngati nthawi yake sinakwane. Munthu akhoza kufufuza mu khodi tsiku lonse. Ine ndikangofika ndimayamba ndayang'ana koloko pakona ya sikirini.

Mayina athu nawo ali ndi zawo. Mlembi wa sukulu ina anandiitana kuti pulogalamu ya fizi yomwe anagula kwina ikukana mwana mmodzi yekha. Dzina la bambo ake linali Ng'oma. Kachizindikiro ka pakati pa g ndi o, m'chilankhulo cha SQL kamatanthauza kuti mawu athera pamenepo, ndiye lamulo lonse limaduka. Wolemba pulogalamuyo anangomata dzina mkati mwa lamulo, m'malo molipereka padera monga momwe ziyenera kukhalira. Choopsa n'chakuti khomo lomwe dzinali lagwetsera pulogalamu ndi lomwenso mbava ingalowere n'kufufuta zonse. Choncho pulogalamu iliyonse ndimaiyesa ndi mayina monga Ng'oma ndi M'bwana ndisanaipereke. Chilembo cha ŵ nachonso chimasanduka funso kapena kabokosi ngati database sinaikidwe pa UTF-8. Mu SMS chimadya ndalama: uthenga wamba umatenga zilembo 160, koma mukangolowa ŵ mmodzi malire amatsika kufika pa 70, ndipo sukulu yotumizira makolo mazanamazana imalipira kawiri kapena katatu.

Zina ndi zachidule. Nambala ya foni imodzi anthu amailemba mosiyanasiyana, wina kuyamba ndi 099 kapena 088, wina ndi +265, ndipo Excel imameza ziro woyambayo. Pulogalamu iziike zonse m'kalembedwe kamodzi isanasunge. Deti la 03/04 kwa ife ndi 3 Epulo, koma kompyuta yomwe inaikidwa pa kalembedwe ka ku America imawerenga 4 Malichi. Ndalama ndimazisunga m'matambala, ngati nambala yathunthu, chifukwa kompyuta ikaphatikiza 0.1 ndi 0.2 imapeza 0.30000000000000004, ndipo timatambala totere tikaunjikana kwa chaka kaundula sagwirizana.

Ophunzira anga akagwidwa ndi vuto amathamangira kufunsa pa intaneti kapena ChatGPT. Sindiwaletsa, inenso ndimafunsa. Koma ndimawauza kuti ayambe awerenga uthenga wofiira wonena za vutolo mpaka kumapeto, chifukwa kawirikawiri umatchula fayilo ndi mzere pomwe zavutira. Kenako alibwereze vutolo mwadala mpaka adziwe chimene chimaliyambitsa, ndipo asinthe chinthu chimodzi pa nthawi, akusunga ntchito yawo mu Git kuti zikaipiraipira abwerere pomwe zinali bwino. Azikumbukiranso kuti mayankho ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu omwe kwawo magetsi sazima ndipo bandulo siitha. Yankho likhoza kukhala lolondola ku London koma losathandiza mayi wogulitsa pa okala ku Bangwe.

Kwa inu eni mabizinesi ndi atsogoleri a magulu amene mukufuna kulembetsa pulogalamu, pempho langa ndi ili. Musanalipire ndalama yomaliza, iyeseni pa foni yanu, data mutazimitsa, ndipo muone ngati zomwe mwalemba zikusungika. Funsani kuti kope la zolemba zanu lizisungidwa kuti komanso kangati, ndipo tsiku lina mumuuze mmisiriyo alibwezeretse inu mukuona, chifukwa fulashi imodzi yokhala m'dirowa la sitolo lomwelo siingakupulumutseni kukabwera akuba kapena moto. Mugwirizanenso polemba kuti khodi ndi kiyi yosainira apu mudzapatsidwa, kuti iye akadzasamukira ku Lilongwe kapena ku Joni wina athe kupitiriza ntchitoyo. Ndipo tsiku lomwe pulogalamu yavuta, musazimitse msanga: jambulani sikirini, kumbukirani chomwe munadina, kenako mutiimbire.