Chingwe cha pa Doko la Mtayamoyo

Amayi anzanga, mukatsika chitunda cha Thabwa ndi kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, msewu umadzera m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo, n'kupitirira kwa Ngabu mpaka ku Bangula. Pamenepo mpamene ndidatsikira basi, thukuta lili kamukamu, pa ulendo wokacheza ndi amayi a ku Makhanga. Madzi osefukira adadula njanji ndi msewu wa ku Chiromo m'chaka cha 1997, motero anthu adayamba kuoloka pa mabwato pamalo otchedwa Mtayamoyo. Dzina lokhalo lidandiumitsa m'kamwa.

Podikira bwato ndidaona bambo wina wachikulire ali pamthunzi, kulumikiza chingwe chokochezera bwato lake. Ndidawafunsa kuti, "Kodi bambo, bwanji osangomanga mfundo?" Iwo adaseka, nati mfundo imafooketsa chingwe, ndipo madzi akakoka chimadukira pamfundo pomwepo. Apo ndidakumbukira ndowa yanga imene idatsalira m'chitsime kaamba ka mfundo yomweyo.

Tsono taonani m'mene ankachitira. Chingwe chopota chili ndi nkhosi zitatu. Adamasula nkhosizo kunsonga zonse ziwiri, nazilowetsana monga zala za manja awiri. Ndi chisonga cha mtengo wolimba ankatsegula mpata m'chingwemo, n'kudutsitsa nkhosi pamwamba pa inzake imodzi ndi pansi pa yotsatira. Chingwe cha khonje amalowetsa katatu, koma cha nayiloni kasanu, popeza n'choterera. Pomaliza adawauka nsonga zotsala ndi chikuni chamoto, nakunkhuniza polumikizapo ndi phazi.

Chimene chidandidabwitsa zedi n'chingwe choluka, chija chokhala ndi mphako m'kati. Chimenechi sachimasula ayi. Amapinda waya pawiri, n'kumulowetsa m'mphakomo kutalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, kenaka n'kukokera nsonga ya chinzake m'katimo. Mbali inayo amachita chimodzimodzi. Nsongayo amayamba aichepetsa podulako ulusi wina, kuti pasakhale chotupa. Mukakoka, chakunja chimafinya cham'kati, ndipo kukoka kwambiri ndiko kugwiritsitsa kwake. Komabe chikakhala chosakokedwa chingathe kusololoka, ndiye amasokapo ndi ulusi pang'ono.

Ife amayi timaluka tsitsi ndi mikeka tsiku ndi tsiku, koma ntchito iyi tidaisiyira abambo popanda chifukwa, chikhalirecho otunga madzi ndi omanga mbuzi ndife.

Tidaoloka bwino, namasupuni akukhula m'mbali mwa bwato. Ku Makhanga ndidasiya kaye nkhani imene ndidakonzera msonkhano, ndipo tidatenga chingwe cha mbuzi chodukaduka. Changa choyamba chidasololoka amayi awiri atangokoka, onse n'kugwa chagada, kuseka kuli pakamwa. Ndidaalowetsa katatu kokha, pamene chinali cha nayiloni. Chachiwiri adachikoka amayi anayi mpaka kutopa.